Buku Lotinyoza: Tilisunge Kapena Tikulungire Matemba?

Ku Willowvale kulibe nyanja. Kuli mafakitale, malole, fungo la fodya wa pa okushoni, ndi msewu wodzaza makombi opita ku Highfield, Glen Norah ndi Glen View. Doko lapafupi ndi Beira, mtunda wa makilomita oposa 500 chakum'mawa. Komabe m'nyumba zina za m'makomboni ozungulira derali, makamaka za mabanja amene makolo awo anachokera ku Nyasaland, mumapezeka mabuku akale onena za zombo, anamondwe, zilumba, India ndi China. Njira imene mabukuwa anadzera ndi yodziwika. Amuna ambiri akwathu ankagwira ntchito ya ukhukhi ndi ya m'dimba m'nyumba za azungu ku Salisbury, ndipo bwana akamasamuka, zimene zakanika kulowa m'sutikesi zinkatsalira wantchito: mpando wothyoka mwendo, ketulo, katoni ya mabuku. Eni ake oyamba anapita. Ambiri mwa amene anawalandira anatsikira kulichete. Atsala ndi adzukulu, nyumba ndi yothina, ndipo pepala lili ndi ntchito zambiri: kuyatsira mbaula magetsi akathima, kukulungira matemba pamsika, kupichirira fodya.

Funso limene katoni yotereyi imadzutsa ndi lalikulu kuposa katoniyo. Kodi munthu ali ndi udindo wosunga zolembedwa za anthu amene sankamuyesa munthu?

Amene amati ayi ali ndi mfundo, ndipo tiyambe taimva yonse. Tengani Robinson Crusoe, buku la Daniel Defoe la 1719, limene ana a sukulu ambiri analidziwa ngati nthano ya munthu wolimba mtima amene anakhala zaka 28 pa chilumba. Chombo chake chinasweka ali pa ulendo wokagula akapolo ku Guinea kuti akalime m'minda ya ku Brazil. Izi zisanachitike anali atagulitsa kale Xury, mnyamata amene anathawa naye limodzi ku ukapolo. Munthu amene anamupulumutsa pa chilumbapo sanamufunse dzina. Anangomutcha Friday, n'kumuphunzitsa kuti iyeyo azimutchula kuti mbuye. Tengani Lord Jim, buku la Joseph Conrad la 1900. Chombo chotchedwa Patna chanyamula Asilamu 800 opita ku Mecca, chagunda chinthu usiku, ndipo azungu ochiyendetsa athawira m'bwato, kusiya anthu ali m'tulo. Buku lonse likulira ndi manyazi a mzungu mmodzi amene anadumpha. Anthu 800 aja angokhala gulu lopanda mayina. Mu 1975, Chinua Achebe anaima pa yunivesite ya Massachusetts n'kunena poyera kuti Conrad anali watsankho, ndipo kuti buku lake lina, Heart of Darkness, linasandutsa Africa bwalo lochitirapo misala ya mzungu. Mabuku ofotokoza za chikhalidwe cha ku Asia olembedwa ndi asilikali, amishonale ndi akalaliki a boma la atsamunda ali ndi nthenda yomweyo: Mmwenye ndi wachinyengo, Mtchaina ndi wosamvetsetseka, Mmalaya ndi waulesi.

Onjezani umphawi. Nthondo ya Samuel Ntara, imene inatuluka mu 1933, ndi Mbiri ya Achewa ya mlembi yemweyo, n'zovuta kuzipeza ngakhale ku Lilongwe. Kodi munthu angapalire munda wa amene anamutukwana, wake uli thengo?

Ine ndikuti mabukuwa asungidwe. Zifukwa zanga ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi malire ake.

Choyamba n'chakuti mbiri yathu yambiri ili m'mabuku amene pachikuto pake palembedwa kuti Asia kapena India. Mpaka 1752, Apwitikizi ankalamulira madera awo a ku Mozambique kuchokera ku Goa, ku India. Nkhani za ku Tete, Sena ndi Sofala zinkapita ku Goa pa zombo zodalira mphepo ya nyengo, n'kulowa m'makaundula a boma la Apwitikizi la ku India. Mu 1616, Gaspar Bocarro anayenda wapansi kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa, ndipo panjira analandiridwa ndi Muzura, wolamulira wamphamvu wa dziko la Amaravi. Nkhani ya ulendowu inasungika m'buku la António Bocarro lofotokoza mbiri ya India. Wophunzira amene akufuna kudziwa za Amaravi a zaka za m'ma 1600, kuwonjezera pa zimene akuluakulu amasimba pakamwa, amayenera kutsegula buku limene mutu wake sutchula n'komwe Africa. N'chimodzimodzinso ndi dziko limene Willowvale ilimo. João de Barros, m'buku lake la mbiri ya Apwitikizi ku Asia limene gawo lake loyamba linatuluka mu 1552, anafotokoza za nyumba zazikulu za miyala zomangidwa popanda matope, n'kulemba dzina lake m'kalembedwe kake, Symbaoe. Iye sanafikeko, anamva kwa amalonda a m'mbali mwa nyanja. Ndipo pa tsamba lomwelo anakayika ngati eni dziko akanatha kumanga zoterozo.

Tsamba limenelo likuonetsa vuto lonse. Umboni ndi chipongwe zili pa pepala limodzi, ndipo sungang'ambe chimodzi popanda kung'amba chinzake. Pamene David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula pa Great Zimbabwe n'kutsimikiza kuti omanga anali anthu a mu Africa, zina mwa zinthu zimene zinawathandiza kudziwa zaka za malowa zinali zigoba za mbale za ku China ndi ku Persia, ndi mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya India. Kuti adziwe kuti mbale yakuti inaumbidwa m'nthawi ya mafumu akuti a ku China, anadalira chidziwitso cha anthu amene anasunga ndi kuphunzira za ku Asia. Boma la Ian Smith linkadana ndi choonadi chimenechi mpaka katswiri wofukula zakale Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970. Amene amati za ku Asia sizitikhudza aiwala kuti golide ndi minyanga ya njovu ya kuno zinkathera ku India, ndipo nsalu ndi mikanda ya ku Gujarat zinkavalidwa ndi agogo athu kalekale mzungu woyamba asanaone mtsinje wa Shire.

Chifukwa chachiwiri chimachokera ku bwalo la milandu. Mboni imene imakuda siiphedwa. Imasungidwa kuti ifunsidwe mafunso. Buku lonyoza ndi mboni yotere. Limasonyeza zimene anthu ankaganiza, zimene ankaphunzitsa ana awo, ndi zimene ankaziona ngati zosafunika kubisa. Mwana wa ku Glen Norah akadzafunsa kuti zinatheka bwanji kuti agogo ake, bambo wa ana asanu ndi mmodzi, azitchedwa boyi mpaka imvi, yankho lina lili mu Crusoe ndi Friday wake. Tikatentha bukulo, tathandiza amene adzanene mawa kuti zinthu sizinali zoipa chotero.

Tionenso kuti amene amakonda kutentha mapepala ndi ndani. Pamene ulamuliro wa Britain unkatha m'maiko osiyanasiyana, akuluakulu a boma anatentha mafayilo ambiri ndipo ena anawatumiza mobisa ku England. Mu 2011, pa mlandu wa nkhalamba za ku Kenya zimene zinazunzidwa m'nthawi ya Mau Mau, boma la Britain linavomera kuti linkasunga mafayilo zikwizikwi ku Hanslope Park. Mu 2013 linalipira chipukuta misozi kwa anthu oposa 5,000. Mapepala amene anawathandiza analembedwa ndi ozunza omwewo, m'chilankhulo chonyoza chomwecho. Kwathu, moto wa mu 1919 unapsereza maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda, ndipo mpata umenewo sunatsekeke. Mabanja a ku Highfield, Mbare ndi Mufakose safunika kuuzidwa mtengo wa pepala. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira mu Zimbabwe, amene sanapondepo ku Dedza kapena ku Mangochi, anapezeka kuti ndi alendo chifukwa cha kumene makolo awo anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zambiri, koma amene alibe chikalata cha kubadwa cha bambo kapena mayi ake amavutikabe. Chitupa chakale chimene mzungu analembapo dzina la agogo molakwitsa ndi chinthu chochititsa manyazi, komanso ndi chimene chingatsimikize kuti agogowo anafika liti.

Wina anganene kuti mfundo ziwirizi zikukwanira mabuku a mbiri okha. Nanga nthano za pa nyanja, zongopeka, zolembedwa kuti anyamata a ku London azisangalala? Apa mlandu ndi wovutirapo, ndipo chifukwa chachitatu ndi ichi: buku silikhala la wolemba yekha. Woliwerenga amatha kulilowera pa khomo limene mwini wake sanaganize.

Mu 1952, C. L. R. James, mlembi wakuda wa ku Trinidad, anatsekeredwa pa chilumba cha Ellis ku New York, akudikira kuthamangitsidwa m'dziko la America chifukwa cha mapepala ndi ndale. Ali m'menemo analemba buku lonena za Moby-Dick ya Herman Melville, nthano ya 1851 ya chombo chosaka anamgumi. Ambiri ankawerenga nthanoyi maso ali pa kaputeni Ahab ndi misala yake. James anayang'ana pansi, kwa antchito: Queequeg wa ku zilumba za Pacific, Tashtego wa mtundu wa eni dziko la America, Daggoo wa ku Africa, anthu a mitundu yosiyana ogwira chingwe chimodzi pansi pa bwana amene akuwatsogolera ku imfa. Mtchona aliyense angaizindikire nkhani imeneyi. Amene anakwera lole ya Ulere kapena kulembedwa ndi Mthandizi ankasaina pangano asakudziwa kumene akathere, ankagona m'chipinda chimodzi ndi anthu a zilankhulo zina, ankalandira phoso loyezedwa, ndipo ankalonjeza kumudzi kuti abwera chaka chamawa. Mgodi wa Wankie, famu ya fodya ndi chombo cha Ahab ndi malo apachibale.

Bwereraninso kwa Lord Jim ndi maso otere. Azungu atathawa, chombo sichinamire. Amalaya awiri amene anali pa chiwongolero sanachoke pamalo pawo, ndipo Patna inakokedwa mpaka ku Aden anthu ali amoyo. Conrad anawapatsa masamba ochepa, koma anawalemba, ndipo owerenga wa kuno ali ndi ufulu wowaika pakati pa nkhani. Nthanoyi inamera pa zinthu zoona: mu 1880 kaputeni ndi akuluakulu a chombo chotchedwa Jeddah anasiya pa nyanja anthu pafupifupi 1,000 opita ku Mecca, n'kukanena kuti chamira, koma chombocho chinafika ku Aden pambuyo pawo. Funso la bukuli, lakuti munthu amene wapatsidwa miyoyo ya ena amatani madzi akafika m'khosi, ndi la dalaivala wa basi, la namwino wa usiku, la nduna ya boma. Silinathe ntchito chifukwa wolifunsa anali ndi tsankho.

Mabuku amenewa aberekanso ana amene amatsutsana nawo. J. M. Coetzee analemba Foe mu 1986 poyankha Crusoe, ndipo Friday wake ndi wodulidwa lilime. Amitav Ghosh wa ku India, mu Sea of Poppies ya 2008, anapereka chombo kwa amalinyero a ku Asia ndi anthu otengedwa kukalima nzimbe. Abdulrazak Gurnah wa ku Zanzibar, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2021, walemba za nyanja ya India kuchokera ku gombe lathu. Dambudzo Marechera ali mwana ku Rusape ankatola mabuku otayidwa kudzala la azungu. Yankho limamveka bwino kwa amene anamva funso, ndipo mwana amene sanaonepo Crusoe sangadziwe chimene Coetzee akukana.

Komanso nyanja tili nayo, ngakhale mapu amati tilibe. Mu 1864 David Livingstone anawoloka nyanja ya India kuchoka ku Zanzibar kupita ku Bombay pa kachombo kotchedwa Lady Nyassa, kamene kanapangidwira nyanja ya Malawi. Ambiri mwa amene anali nawo anali anthu a ku Zambezi ndi ku Shire, ndipo mwa iwo munali anyamata awiri owomboledwa ku ukapolo, Chuma ndi Wikatani, amene anatsala pa sukulu ku Bombay. Ulendo umenewu ukuposa nthano zambiri zopeka, koma timaudziwa kudzera m'zolemba za mzungu yekha. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yathu ndipo anthu 145 anafa. Ilala yakhala ikuyenda kuyambira 1951. Nthano za owotcha nkhuni m'sitima zakale, za ophika, za amayi okwera ndi madengu a usipa, zikudikirabe wozilemba m'Chichewa, ndipo wolembayo adzapindula kuona mmene ena anamangira nthano za pamadzi, ngakhale atasankha kumanga mosiyana.

Tsono kusunga n'kutani? Anthu ambiri amene amafuna kutentha buku amaopa kuti kulisunga n'kulilemekeza. Achewa anasiyanitsa ziwirizi kalekale. Gule wamkulu, amene amavinidwa ngakhale m'makomboni a Harare kumene Ashona amamutcha zvigure, ali ndi zilombo zokumbutsa alendo amene anadutsa m'dziko: Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, Maria, ndi ena otengera amalonda ndi ankhondo. Mudzi sunawaiwale anthu amenewa, ndipo sunawagwadire. Unawaika pabwalo kuti ana awaone, aseke, aope, afunse. Zimbabwe inachitanso chimodzimodzi ndi chiboliboli cha Cecil Rhodes. Mu 1980 chinachotsedwa pa msewu waukulu wa mumzinda, umene lero ndi Samora Machel, n'kukaikidwa kuseri kwa nyumba yosungira zakale ya dziko. Pa msewu chinkalamula. Kuseriko chimangochitira umboni. Buku lonyoza malo ake ndi otero: pa shelefu pamene wofuna angalipeze, pambali pa mabuku olitsutsa, m'manja mwa mphunzitsi amene amadziwa kufunsa kuti Xury anathera kuti. Choopsa ndi kulipereka kwa mwana lili lokha, ngati kuti ndilo dziko lonse.

Pali ngongole inanso imene sitikonda kuitchula. Ambiri a ife tinaphunzira za Amwenye ndi Matchaina kudzera m'maso a Mngelezi, ndipo zina mwa zimene timanena za iwo m'minibasi ndi mawu a m'mabuku aja atavala Chichewa kapena Chishona. Pamene galimoto za Mazda za ku Japan zinkalumikizidwa pa fakitale ya ku Willowvale, imene inayamba ngati ya Ford mu 1961, Asia inali m'manja mwa amisiri tsiku ndi tsiku. Lero ili m'foni, m'migodi ndi m'ngongole za boma. Kuchita malonda ndi anthu amene sukudziwa mbiri yawo n'kugula mbuzi usiku. Ngati tikusunga zimene azungu analemba za Asia, tisunge ndi kufunafuna zimene anthu a ku Asia ndi Aluya analemba okha: al-Masudi amene anatchula Sofala m'zaka za m'ma 900, Ibn Battuta amene anafika ku Kilwa mu 1331, Fei Xin amene anayenda ndi zombo za Zheng He n'kulemba za madoko a ku Somalia. Nawonso ali ndi tsankho lawo. Koma mboni zitatu zosagwirizana zimathandiza woweruza kuposa imodzi yolankhula mosalala.

Tibwerere ku funso la munda wa thengo lija, chifukwa silinayankhidwe. Malo ndi ochepa, ndalama n'zochepa, ndipo chiswe sichidikira. Moto umene unawononga laibulale ya yunivesite ya Mzuzu mu December 2015, ndi umene unapsereza laibulale ya Jagger ku Cape Town mu April 2021, unasonyeza kuti ngakhale nyumba zolondedwa zimapsa. Ndiye tiyambe ndi chiyani? Muyeso wanga ndi umodzi: tiyambe ndi chimene chilibe chinzake kwina. Treasure Island ya Robert Louis Stevenson yasindikizidwa kambirimbiri kuyambira 1883, ndipo ili pa intaneti kwaulere. Kope limodzi likanyowa ku Highfield, dziko silinataye kanthu. Koma ngati mkati mwa chikuto agogo analembamo mayina a ana ndi masiku awo obadwira, kapena anasungamo kalata yochokera ku Ntcheu, kope limenelo ndi limodzi pa dziko lonse. Kaundula wa bungwe la maliro, buku la ubatizo la mpingo, mndandanda wa opereka pomanga mzikiti, chithunzi cha timu ya mpira ya pa fakitale: izi zikapsa, zapita. Mawu a nkhalamba imene ikukumbukira njira ya ku Tete ndi doko la pa Zambezi ndi osachedwa kutha kuposa pepala lililonse.

Choncho udindo ulipo, koma uli ndi ndondomeko. Zathu zosabwerezeka zikhale patsogolo. Kenaka zolembedwa za alendo zimene zili ndi mbiri yathu mkati, kaya pachikuto palembedwa India kapena Asia. Pambuyo pake nthano zotchuka, zimene ntchito yathu yaikulu pa izo ndi kuziwerenga mwanzeru, kuzimasulira ndi kuziyankha. Palibe pa mndandandawu pamene pakufunika machesi. Amene alibe malo apereke katoniyo ku sukulu, ku tchalitchi kapena ku laibulale ya m'dera, atayamba waunika tsamba ndi tsamba kuti aone chimene chabisala mkati, ndi kujambula pa foni chilichonse cholembedwa pamanja.

Akuluakulu amati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu a mdani nawo amasintha akagonera, ngakhale sakoma. Zimene Barros analemba mokayikira mu 1552 lero zimawerengedwa ndi ana a dziko limene linatenga dzina la miyala ija. Iye sakanalota zimenezo, ndipo ifenso sitingadziwe chimene mdzukulu wa mdzukulu wathu adzafune m'buku limene lero likutinyansa. Kusankhiratu m'malo mwake, ndi moto, n'kumuchita zimene atsamunda anatichita: kumuuza kuti pali zinthu zimene mutu wake sungathe kunyamula.